Tsiku limene apongozi anga anayankhula ndi mtengo wa msuku

Pali ukwati wina umene anthu anadya nyama yake mwezi wathunthu usanadalitsidwe, ndipo wochititsa ndine. Ndaulula lero chifukwa mboni zambiri zinapita.

Inali nthawi ya nkhondo, ine ndikuyendetsa kagalimoto kokalamba ka mwini sitolo wina ku Fort Jameson (pano mukuti Chipata). Mlamu wanga Esinati, mng'ono wa mkazi wanga, atapeza banja, ndinadziguguda pachifuwa kuti mkwatibwi sayenda pansi. Ndikamutenga ndine ku Madzimoyo mpaka pakhomo pa tchalitchi m'tauni. Abwana anandibwereka galimotoyo, nandiuza kuti chotsekera thanki ya petulo chinatayika. Petulo anali wosowa zedi masiku amenewo, choncho ndinasema chitsononkho, kukulunga kansanza, n'kumata phula kuti ngakhale fungo lisathawe. Ndinadziona wanzeru kwabasi.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa tili atatu, ena onse atatsogola dzulo lake. Kumbuyo kunali Esinati, atazyolika monga achitira mkwatibwi, wosaloledwa kutsegula pakamwa. Pambali pake panali apongozi anga aakazi, atafunda nsalu n'kuyang'ana kutchire, poti mwambo sunkalola kuti ine ndi iwo tionane maso kapena kuyankhulana. Abusa anali atanenetsa kuti dzuwa likafika paliwombo akwera njinga kupita kumipingo ya cha ku Mwami, ndipo kumeneko amatha mwezi.

Titayenda pang'ono, injini inayamba kutsokomola, kenaka zii. Ndinazula chitsononkho kusuzumira m'thanki: petulo tho! Ndinabwezera, n'kupukuta mapulagi ndi mpango wanga wa ukwati. Nditapukusa handulo yolizira injini, galimoto inalira. "Mapulagi!" ndinalengeza mokweza, ngati ndikuuza mphepo.

Apongozi anatsokomola. Ndinayesa ndi fumbi.

Sitinapite patali, yazimanso. Ndinasuzumiranso m'thanki, kenaka ndinamasula paipi ya petulo n'kuyamwa kuti ndichotse zinyalala. (Amene sanamezepo petulo asamanene kuti mankhwala a malungo amawawa.) Galimoto inaliranso. Apongozi ananong'oneza Esinati kanthu, koma uthenga unafera pomwepo, poti mkwatibwi sayankhula.

Ulendo wachitatu ndinapsa mtima. Ndinayala jekete pansi n'kuphwasula kabureta yense, tizitsulo mbwee, kamodzi n'kugwera mumchenga. Ndinakafuna chokwawa, thukuta lili kamukamu, dzuwa likukwera osandidikira. Mantha anandigwira tsopano, chifukwa ndinamva Esinati, mwana wa eni, akufwenthera.

Pamenepo apongozi anatsika. Anandifulatira, nakaima pamaso pa mtengo wa msuku m'mbali mwa msewu.

"Iwe mtengo," anatero, "ine za magalimoto sindidziwa. Koma chitini cha palafini ukachiboola malo amodzi okha, sichitsanula. Chimafuna kabowo kena kopumira. Nanga anthu ena samva kuti akazula chitsononkho chija, thanki ikumachita fyuu ngati munthu wovuuka m'madzi?"

Nanenso ndinatembenukira kumtengowo mwamanyazi.

"Mtengo iwe," ndinayankha mwaulemu, "uwathokoze amayi. Koma uwauze kuti vuto ndi kabureta."

"Uwauze aboole, mtengo iwe, mwana wanga akukalamba!"

Ndinaboola chitsononkho chija ndi msomali. Nditapeza kachitsulo kaja n'kumanga zonse, galimoto inayenda myaa mpaka m'tauni, ngakhale kutsokomola kamodzi.

Pa tchalitchi tinapeza mkwati atakhala pakhonde, kolala atamasula, ndi mkukuluzi wa matayala a njinga ya abusa wolowera ku Mwami. Ng'ombe inali itaphedwa kale, ndiye anthu anadya, nanga akanatani? Esinati anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo.

"Alamu," anatero, "mwezi wamawa ndidzayenda pansi."

Anayendadi, ndipo anafika nthawi yabwino. Phunziro ndinalitola: munthu uzimvera akulu akatsokomola. Komabe kabureta uja, mukandifunsa ine, anali ndi kavuto ndithu.