Zikomo Pondisandutsa Mlendo, a Nduna

Kwa Olemekezeka Nduna Yoona za Anthu Olowa M'dziko,
Kulikulu la Boma.

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba nditaima njo, chifuwa patsogolo, ngakhale bondo lamanzere likukana. Ndine Lorne Pidruchny wa ku Harlow Creek, kuno kwa alimi a tirigu. Mwina simungandikumbuke poti nduna imaona nkhope zambiri, koma ndine sajeni uja munam'peza ku kampu ya asilikali tsiku limene munafika muli kamnyamata kopanda ndevu, chipewa chikukugwerani m'maso. Ndine ndinakuphunzitsani kuti perete amayamba ndi mwendo wamanzere. Ndikaona mmene mwayendera kuchokera apo, kukhala mkulu wa asilikali, kenako phungu, lero nduna, ndimauza mkazi wanga Marlene kuti mwendo umenewo ndinauwongola ndine.

Ndalemba kuti ndithokoze. Ofesi yanu yandidziwitsa kuti sindine nzika ya dziko lino, ndipo sindinakhalepo nzika chibadwire.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo anga anapita kunkhondo kutsidya la nyanja, ku Holland, nakondana ndi mkazi wamasiye, ndiye mayi anga. Ine ndinapupuluma, ndinabadwa iwo asanamange ukwati, ndipo ndinafika kuno pa sitima yapamadzi ndili khanda. Mayi anasiya kumeneko mwana wawo woyamba, Truus, chifukwa abale a malemu bambo ake anakana kum'pereka. Chaka chatha Truus anandifufuza mpaka kundipeza pa foni. Mlongo wangayu sindinamuonepo ndi maso. Wakalamba, mtima ukumuvuta, dokotala anam'letsa kukwera ndege, ndiye ndinati ndipite ndine. Kale ndinkadutsa malire ndi chiphaso cha usilikali, popanda wondifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ulendo uno nditakapempha pasipoti, mtsikana waulemu wa ku ofesi yanu anati lamulo la nthawi imeneyo linkati mwana wobadwa ukwati usanachitike amatsata unzika wa mayi ake. A ku Holland nawo akuti sakundidziwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame anga ano akhala pa udzu zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, dzuwa osawaona.

Choyamba, zikomo potsitsimutsa banja langa. Marlene anali atatopa nane, lero amandiyang'ana ngati katundu wochokera kunja. "Zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi mlendo osadziwa," anatero tsiku lomwelo. "Amayi anga akanamva akanakomoka." Tsopano amandilankhula pang'onopang'ono ndi mokweza kuti ndimve: "Inu a kunja inu, kuno kwathu mwamuna akadya amatsuka mbale." Kukagwa chipale chofewa amandipatsa fosholo, ati ndiphunzire chikhalidwe cha eni dziko.

Chachiwiri ndi chimene chandichititsa manyazi okoma. Chipumireni ntchito, anthu obwera akamalumbira kukhala nzika ku holo ya tauni yathu, ine ndimavala yunifolomu ndi mamendulo onse, n'kuima pakhomo kuwagwira chanza mmodzimmodzi: takulandirani, pano ndi panu. Ndalandira anamwino, okonza magalimoto, ana ovala masuti owakulira. Sindinkadziwa kuti ndikugawira anthu nyumba ya eni. Sabata yatha kunabwera Mayi Senait Tesfay, amene amagulitsa mankhwala pafupi ndi positi ofesi. Anachokera ku Eritrea, ndipo ndinawalandira ndi dzanja langali. Anafika ndi khofi wakwawo ndi buku la mayeso a unzika. "A sajeni, musaope," anatero. "Nyimbo ya fuko ndikuphunzitsani, si yovuta. Tsiku lanu likadzakwana ndidzaima pakhomo ndine, ndipo mudzandigwire chanza bwinobwino, osati kuthyola zala ngati muja munachitira." Tinaseka mpaka Marlene anatsamwa. Atapita ndinakalowa m'galaja n'kulira, a Nduna, sindibisa.

Chachitatu ndi kupepesa. Ndinakuvoterani katatu. Pa chisankho choyamba chija, chimene munapambana ndi mavoti oti angakwane m'chipewa, ndinayenda msewu wonse wa kwathu kukhoma zikwangwani zanu m'nthaka youma gwa ndi chisanu. Pa chikwangwani chilichonse panali nkhope yanu mutavala yunifolomu, pansi pake mawu akuti msilikali sasiya mnzake m'mbuyo. Mawuwo ndi anga, ndinkakukuwirani m'khutu mukamathamanga kusiya anzanu m'matope, koma sindinadandaule chifukwa mumawanena bwino kuposa ine. Tsopano ku holo ya asilikali akale, mnzanga Arvid ndikangolowa amagogoda patebulo: "Bisani zinsinsi za boma, anyamata, kazitape wafika. Mdala iwe, ndiye kuti nduna yathuyi inasankhidwa ndi dziko lachilendo?" Mavoti atatuwo mukafuna achotseni. Sindingakonde kuti mpando wanu uime pa mwendo wa munthu wosadziwika kwawo.

Chachinayi, zikomo pondiphunzitsa kudekha ku ukalamba. Ofesi yanu yati nkhani yanga ili pa mzere, ndipo mzerewo umatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Ndikaimba foni amandiikira nyimbo yokoma kwambiri, moti ndayamba kuyiimba posamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nkhono yanu ndi yachinyamata, pomwe Truus si wachinyamata. Amandiimbira Lamulungu lililonse. Poyamba ankalankhula ola lathunthu, masiku ano amapumira pakati pa mawu. "Iwe mwana, ukubwera liti?" amatero, ine nkhalamba ya imvi mbuu. "Ndili ndi chithunzi cha amayi ali mtsikana, akundinyamula. Pa positi sinditumiza. Udzatenge wekha." Ndimamuyankha kuti nduna ndi mnzanga wakale, zitheka. Bodza limeneli ndalinena kambiri moti nanenso ndatsala pang'ono kulikhulupirira.

Koma dzana munanditsegula maso. Ndinakuonani pa wailesi ya kanema mutaima mowongoka, manja kumbuyo monga ndinakuphunzitsirani, mukuuza dziko kuti mzere ndi mzere, ndipo aliyense wokhala muno popanda chilolezo adzakwezedwa ndege mwezi usanathe. Marlene anazimitsa mwaukali, koma ine ndinaomba m'manja. Kani muli ndi mizere iwiri, wina wa zaka zitatu wovomereza munthu, wina wa mwezi umodzi wom'thamangitsa. Ine ndinangoima pa mzere wolakwika.

Tsono pempho langa, a Nduna, ndi laling'ono, ndipo likuthandizani pa chiwerengero chanu. Pa anthu onse okhala muno popanda chilolezo, sindikhulupirira kuti alipo woipa kuposa ine. Ndinalowa popanda chikalata, thewera lokha. Ndinanyamula mfuti ya boma zaka zambirimbiri. Ndinakwatira mwana wa eni dziko, ndinasankha aphungu, ndinalanda ntchito ya usajeni imene ikanapita kwa nzika yeniyeni. Munthu wotere simungamusiye azingoyenda mumsewu. Ndithamangitseni.

Nyumba ndi yobiriwira ija ili kuseri kwa nkhokwe za tirigu, ndipo chitseko sitikhoma. Chikwama ndalongedza kale. Marlene wati anyamata anu adzawapatsa khofi ndi makeke, bola adzapukute nsapato. Unyolo musavutike nawo, ndidzayenda ndekha. A ku Holland akakati sakundidziwa, mukangondisiya pabwalo la ndege, pali nkhalamba ina imene ikandizindikira. Zobwerera kuno tidzakambirana pa mzere wa zaka zitatu uja.

Chokhacho, chonde, chitani mwausilikali, mwezi uno. Mukachita mwaunduna, ndege yanu ikandifikitsa pa maliro.

Ndatha ine womvera malamulo, ngakhale si a dziko langa,

Sajeni Lorne Pidruchny (wopuma),
Mlendo wa ku Harlow Creek.