Nkhope Imene Seu Flori Anakana Kuipenta

Mumzinda wonse wa Salvador munalibe munthu wokangana ndi Mulungu poyera ngati malemu Seu Florisvaldo (Seu kwathu kuno ndi ngati kunena kuti bambo), wopenta nkhope wa kagulu kathu ka opera. Nkhani yake inali imodzi yokha. Iwo ankati Mulungu amalenga nkhope mothamanga, ndiye amazisiya zosamaliza.

"Iyeyo amayamba, ine ndimamaliza," ankatero Seu Flori, burashi ili kukhutu. "Ntchitoyi tinagawana kalekale."

Anali bambo wamfupi, wakuda bii, wa mawu ngati a wogulitsa nsomba kudoko. Ukakumana nawo pamsewu moni kunalibe. Ankangokugwira chibwano, kukutembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu mwachisoni. Ngakhale wansembe wa parishi yathu anamuuza pamaso kuti nsidze zake zinalengedwa Mlengi atatopa kale.

Tsono opera ndi masewero amene munthu amabayidwa ndi lupanga koma n'kumangoyimbabe mpaka nyimbo itatha, ndipo amadya ndalama koopsa. Ife ndalamazo tinkangozimva kwa anzathu. Denga la holo linkadontha moti oyimba zeze ankabwera ndi maambulera. Tsiku lina sewero linafuna hatchi yoyera ya mfumu, koma thumba linangokwanira kubwereka bulu wa munthu wogulitsa makala. Seu Flori anampaka ufa wa chinangwa thupi lonse, nalumbira kuti ngakhale mayi wake sangamzindikire. Mfumu ili pakati pa nyimbo yankhondo, buluyo anatulukira kuti akukoma, ndipo anayamba kudzinyambita. Chinsalu cha pasiteji chimatsika hatchi itayera kumsana kokha kumene lilime silinafike.

Ufa womwewo ndi umene unkagwera a kwaya. Ambiri a iwo anali anthu akuda a ku Liberdade, dera la anthu osauka mumzindamo, pomwe masewero ambiri anali a mafumu a ku Ulaya, ndiye Seu Flori ankawafoletsa pamzere n'kuwathira ufa wina ndi wina.

"Pasapezeke woyetsemula!" ankakuwa. "Ukayetsemula wabwerera ku Liberdade!"

Pamzere umenewo pankaima Zulmira, mtsikana wosoka madiresi, amene mawu ake ankaimitsa ngakhale akalipentala omwe akukhoma misomali kuseri. Mwambo wa pamalopo unali wakuti iye ndiye ankayimba gawo la mkazi wamkulu wa sewero nthawi yonse yokonzekera, kuti anzake azolowere. Kenako sitima ikafika ndi woyimba wachizungu, Zulmira ankabwerera kumzere wakumbuyo, ufa uli mbuu kumaso. Zinkamupweteka kwambiri. Zaka zinkapita, mawu a munthu sadikira, ndipo maso a amayi ake anali atayamba kuchita khungu. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuima kutsogolo ngakhale kamodzi kokha, amayi akewo akadaona.

Wotigwira pakhosi anali Coronel Tibúrcio, mwini minda ya koko wopangira chokoleti, amene ankasunga kaguluko ndi thumba lake. Chaka china mtengo wa koko unagwa, ndipo mmalo mwa ndalama Coronel anatumiza matumba a koko weniweniyo. Chimene analipira ndi ndalama chinali chimodzi chokha, woyimba wochokera ku Italiya, woti adzakhale mfumukazi ya ku Africa m'sewero latsopano.

Zulmira anapita kwa Maestro Godofredo, wotsogolera nyimbo, mtima uli m'mwamba.

"Maestro, mfumukazi ya ku Africa mpaka kukaitenga ku Italiya? Ine ndili pompano, ndiponso sindifuna penti."

"Mwana wanga, ukunena zoona," anatero Maestro akuyang'ana pansi. "Koma a mipando yakutsogolo salipira kuti adzaone munthu amene amawasokera madiresi. Coronel akachoka, tonse tidya zeze."

Seu Flori okha ndiwo anali pachisangalalo. Penti yakuda yogula inali itatha, koma koko anali mbwee mpaka m'makonde. Anakazinga, anasinja, anasakaniza ndi mafuta a kokonati, nawonjezera shuga kuti zigwire bwino. Holo yonse inanunkhira ngati khitchini ya paukwati.

"Taona, Zulmira! Lero ndimuonetsa Mlengi mmene amapangira munthu wakuda!"

"Anakuonetsani kale, Seu Flori. Kalirole ali kumbuyo kwanuko."

"Iwe, chipongwe! Uyu wam'kaliroleyu ndi woyeserera chabe."

Mlendo uja anapakidwa kuyambira pamphumi mpaka kuzala, ndipo kunena zoona, poyamba anaoneka bwino ndithu. Koma unali mwezi wa Febuluwale, mafani anali atagulitsidwa kale, ndipo nyale za pasiteji zinkawotcha ngati mbaula. Nyimbo yoyamba isanathe, mfumukazi inayamba kusungunuka. Koko anatsika m'masaya, nadontha pachibwano. Woyimba wamwamuna atagwada n'kupsompsona dzanja lake, anadzuka milomo ili bii, ndipo anthu onse anamuona akunyambita. Kenako nyerere za m'matabwa zinamva uthenga. Zinakwera mumzere, mwaulemu, kudzera m'diresi. Mayi uja anatulutsa mawu okwera amene sanalembedwe m'nyimbo iliyonse, ndipo anthu a mipando yotchipa yam'mwamba anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Bwerezani! Bwerezani pa nyererepo!"

A kwaya analephera kudzigwira. Anaseka, anayetsemula, ufa unangoti fuu, ndipo onse anabwerera ku Liberdade nthawi imodzi.

Mlendoyo anakwera sitima yoyamba, akutukwana m'chinenero chakwawo. Vuto linali lakuti anayenera kuyimbanso sewero lachiwiri, la mwana wamkazi wa mfumu ya dziko lachisanu, ndipo matikiti anali atagulitsidwa, ndalama zake zitalowa kale m'denga. Wodziwa gawolo anali mmodzi yekha. Coronel anavomera mokukuta mano.

"Ayimbe. Koma mumuyeretse, Florisvaldo. Ayere ngati mkati mwa kokonati, anthu asadziwe kuti ndi ndani."

Tsiku la seweroli Zulmira anakhala pampando wa Seu Flori. Anali atavomera mumtima kuti bola kuyimba, ngakhale ndi nkhope yobwereka. Amayi ake anali atakhala kale m'mwamba muja pamodzi ndi theka la Liberdade.

"Pakani msanga, Seu Flori. Musandiyang'ane choncho."

"Amayi ako akhala kutali," anatero iwo. "Ndi maso awo aja, akuzindikira bwanji?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Zulmira. Seu Flori anamugwira chibwano monga mwa chizolowezi, anamutembenuza uku ndi uku, koma ulendo uno mutu sanapukuse. Anatenga burashi youma, nayamba kuivinitsa pankhope pake mwaluso lonse, akubwerera m'mbuyo, akutsinzina diso limodzi, akung'ung'udza kanyimbo. Coronel atalowa kudzaona ntchito, iwo anatambasula manja.

"Ndamaliza!"

"Wamaliza chiyani? Ufa uli kuti?"

"Bwana, ine ndakonza zolakwa za Mulungu moyo wanga wonse, ndipo ndimazidziwa. Apa ndafufuza, sindinapeze poti n'kugwira. Uyu anamumaliza yekha."

"Florisvaldo, usandiseweretse. Ndichotsa koko wanga yense!"

"Chotsani, bwana, nyerere zatikwana." Apa anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwa Seu Flori kunkamveka mpaka kumsewu. "Komanso Loweruka musabwere kukhomo lakuseri lija. Ndevu zanuzo zikhale mmene anazisiyira Mwini wake."

Ndi pamene tonse tinadziwa chifukwa chake Coronel, munthu wa zidzukulu, anali ndi ndevu zakuda ngati za mnyamata. Anatuluka osatsanzika, chitseko chinangoti phwaa.

Zulmira analowa pasiteji ndi nkhope yake. Mipando yakutsogolo inachita kayeziyezi, ena anadzuka n'kutuluka. Koma atangotsegula pakamwa, holo inati zii, ndipo pamene anamaliza nyimbo yoyamba, mawu a mayi wokalamba anamveka kuchokera m'mwamba: "Ndi wanga ameneyo! Ndikumuona!" Kenako kunali chiphokoso choti denga lathu lovutika lija linatsala pang'ono kugweratu. Seu Flori anali kuseri kwa chinsalu, akulira ngati mwana, uku akuuza aliyense wodutsa kuti ntchito imeneyo ndi yawo.

Coronel anachokadi ndi koko wake, ndipo sanabwererenso. Patapita milungu ingapo, ndevu zija zitachita mbuu, anthu ankamudutsa pamsewu osamupatsa moni, poganiza kuti ndi bambo ake. Ife tinavutika, zimenezo sitingabise. Oyimba ena anapita kukaimba m'mahotela, zovala zinkasokedwa kuchokera ku makatani akale, ndipo amayi ogulitsa zitumbuwa za nyemba pakhomo ndi amene nthawi zina ankatilipirira magetsi. Koma mipando yam'mwamba inkadzaza, ndipo ufa wa chinangwa unabwerera kukhitchini. Seu Flori sanasiye kudandaula kuti Zulmira anawaphera ntchito. Ankangolemba makwinya, zipsera ndi nsidze, ndipo anapitiriza kumuvutitsa wansembe uja mpaka wansembeyo anasamutsidwa.

Seu Flori anamwalira chaka chatha nthawi ya mvula, mwakachetechete, chinthu chokhacho chimene anachita mwakachetechete. A kwaya onse anapita kukaona nkhope. Atafika pabokosi, wina anagwira pakamwa, wina anatulutsa kaphwete. Okonza maliro, pofuna kuwalemekeza, anali atawathira paudala wochuluka mpaka nkhope yonse inali mbuu, ngati munthu wa kwaya wa masiku aja.

"Akanadzuka bwenzi atawatukwana," ananong'ona Maestro Godofredo. "Taonani, sanasalaze n'komwe m'makutu."

Anthu anaseka misozi ili m'maso. Zulmira, amene tsopano imvi zinali zitayamba, anatulutsa kansalu m'chikwama, anakanyowetsa ndi madzi a m'maluwa, nawerama. Wokonza maliro anathamangira pomwepo.

"Mayi, chonde musakhudze! Tagwira ntchito yaikulu pamenepo."

"Pepani bambo," anatero Zulmira osatukula mutu. "Awa anawamaliza kale."

Anapukuta pamphumi, m'masaya, m'mbali mwa mphuno, pang'onopang'ono, mpaka Seu Flori anabwerera, akuda bii monga tinkawadziwira. Kenako anawagwira chibwano, nawayang'ana kwa nthawi yaitali.

Masiku ano kachipinda kawo kadakali ndi kafungo ka koko mvula ikagwa, ndipo burashi youma ija inakoloweka pamsomali pamwamba pa kalirole. Timayenda m'misewu ya Salvador nkhope zathu zili mmene tinadzukira nazo, popanda wotigwira chibwano, ndipo timawasowa kwambiri. Zulmira sayimbanso kutsogolo, amaphunzitsa atsikana. Mtsikana watsopano akakhala pampando uja koyamba n'kufunsa kuti amupaka chiyani, Zulmira amatsitsa burashi ija pamsomali, amamugwira chibwano, n'kuyamba ntchito.