Kusaka Chibwabwa pa Zanzibar

Lolemba

Tafika. Sitima kuchokera ku Kapiri, kenako boti. Miyendo yatupa, mutu ukuyendabe ngati ndidakali m'sitima.

Walipira zonse ndi Tisa, mwana wanga mmodzi yekhayo, namwino wa pachipatala chachikulu. Akuti chiikireni amayi ake chaka chatha, ndimangokhala pakhonde kwathu ku Kalingalinga, mu Lusaka, kuyang'ana matabwa osawakhudza. Akuti mphepo ya kunyanja indichiritsa. Ine kalipentala wokalamba, amene kampani inanditaya itagulidwa ndi a ku Joni, lero ndavala kabudula wamaluwa pa Zanzibar. Anzanga okhoma mabedi m'mbali mwa msewu akanandiona!

Nyanja yamchere ndaiona. Ndi yaikulu. Ankafuna kuiona ndi amake Tisa, osati ine.

Chakudya chamadzulo: mpunga wa kokonati, nsomba ya kokonati, nyemba za kokonati. Ndafunsa ngati madzi akumwa apulumuka. Tisa sanaseke. Mwanayu waonda, akungotola chakudya ngati mpheta.

Ndiye ndatsimikiza mtima. Tisanachoke pano ndimuphikira ndiwo za amayi ake. Zofunika:
chibwabwa chanthete, masamba a dzungu
nsinjiro
kapenta
ufa woyera
mbaula ndi poto
tiyi wamba, wa anthu

Chilumba chonsechi sichingasowe kantemba kamodzi kogulitsa zinthu zodziwika.

Lachiwiri

Tiyi wam'mawa akununkha mankhwala a dzino. Akuti ndi zonunkhiritsa zomwe eni chilumba amanyadira. Ndamwa chifukwa cha ulemu.

Tisa akufuna tikakhale pamchenga. Ndamuuza atsogole, ndimupeza.

Tinjira ta m'tauni yakale n'topanikiza kuposa ta ku Kanyama, kungoti matope mulibe. Ukakhota katatu wabwerera pomwe unayambira. Liwu loyamba la Chiswahili ndaliphunzira: hamna. Ndiye kuti kulibe. Aliyense amalinena akumwetulira.

Kumsika ndajambula dzungu ndi manja, kenako ndaloza masamba a mtengo. Mayi wina wandibweretsera dzungu lenilenilo. Ndapukusa mutu. Wabweretsa chivwende. Ndapukusanso. Waitana anzake, onse andizungulira, wina wabwera ndi tsache. Ndathokoza, ndachoka.

Koma m'kasitolo kena ka mdima ndapeza sopo wamtanda wobiriwira, yemweyo wa kwathu. Ali pambali pa mabeseni apulasitiki a ku China, omwewo adzaza Lusaka masiku ano. Ndanunkhiza sopoyo, ndipo ndamva Loweruka m'mawa, amake Tisa atawerama pabeseni akundikalipira za utuchi wa m'matumba. Mwini sitolo wadikira kwa nthawi, kenako wakhosomola. Ndagula.

Tisa ndamupeza atapsa ndi dzuwa, ali yekha. "Batata, nakusakilani paliponse. Mwenze kuti?"

Ndati ndimayendera dziko.

Lachitatu

Kapenta wapezeka, tinsomba tathu tating'ono tija! Kuno amamutcha dagaa. Ndi wam'nyanja yamchere, wamutu waukulu, koma kapenta ndi kapenta. Ndagula wambiri, mwina wopitirira.

Ufa nawo ulipo, kwa mmwenye wina wofanana ndi wa ku Kamwala mpaka magalasi. Ndatsala pang'ono kumufunsa za abale ake. Nsinjiro palibe. Pali mtedza wokazinga wamchere, wa m'timapepala. Ndagula kuti ndisinje ndi botolo. Pofika kuhotela theka ndadya.

Kapenta ngwachinyezi, ndiye ndamuyanika pakhonde la chipinda, pa nyuzipepala. Ndangolowa kukasamba kumaso. Potuluka, akhwangwala ali pamsonkhano. Sakuthawa n'komwe, akundiyang'ana ngati ndine woperekera zakudya. Wotsala ndamubisa m'sutikesi, pansi pa malaya a kutchalitchi.

Madzulo mayi wosesa m'zipinda waima pakhomo atatseka mphuno. "Mzee, hapana." Liwu lachiwiri la Chiswahili, ndiye kuti ayi.

Tisa watsegula mawindo onse. "Mwabwela kuona nyanja kapena kusakila vinthu va ku Kalingalinga?" Ndikufuna adzangoona mbale patebulo.

Lachinayi

Salaula, msika wa zovala zovalidwa kale, ali kunonso. Mabelo omwewo, fungo lomwelo, anyamata okuwa chimodzimodzi. Zikuoneka kuti azungu akavula, dziko lonse limavala.

Ndikungopitirira, maso agwera pa diresi la buluu la kolala yoyera. Longa lomwe ndinawagulira amake Tisa ndi ndalama zondichotsera ntchito, lomwe ankavala pokaimba kwaya. Lija tinawaika nalo. Ili lapachikidwa pa waya, mphepo ikulivinitsa.

Wogulitsa wafunsa m'Chingerezi chothyoka ngati ndi la akazi anga. Ndati inde. Wati akakondwa kwambiri. Ndati inde. Walikulunga mu pepala.

Ndakhala pa khoma lina, ndipo ndiyenera kuti ndimalankhula ndekha, chifukwa kumbuyo kwanga ndamva, "Wawa, achimwene, ndinu a kwathu?"

Ndi a Chirwa, mlonda wa pahotela yoyandikana ndi yathu, a ku Nkhata Bay. Anabwera kuno kalekale, sanabwererenso. Ndawauza kuti bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'migodi, nawonso sanabwerere. Tagwirana chanza osafuna kusiyana. Akuti mbaula ali nayo, poto ali naye, ndipo kuseri kwa nyumba za antchito anabzala maungu awo. Loweruka ndikathyole chibwabwa mmene ndingafunire. Makala okha ndipeze ndekha.

Zonse zikutheka tsopano.

Tisa walipira boti la mawa, lokaona akamba aakulu pa kachilumba kena. "Osachedwa, Batata. Nifuna tikambe."

Lachisanu

Ndalawira kukasaka makala kuti ndibwerere boti lisananyamuke. Tinjira tija tandimeza. Pamene ndikuti ndifunse, masitolo akutsekedwa, amuna onse akupita kumzikiti. Ndatsala ine ndi amphaka.

Kenako fungo la utuchi. Kashedi kotsegula, chitseko chachikulu chitagonekedwa pa mabenchi, mkulu wina wolumala mwendo akusema maluwa. Sitikumvana chilankhulo. Waona manja anga, wandipatsa puleni. Thabwa lake ndi lolimba kuposa mukwa. Chimwalirireni amake Tisa sindinagwire chida, lero ndapala mpaka thukuta kulowa m'maso. Za boti zandichoka m'mutu.

Ndafika padoko dzuwa litapendeka, makala ali paphewa. Tisa wakhala pa khoma, zipewa ziwiri zaudzu zili pamiyendo. Sanapite.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Nenze kufuna kukuuzani tili pa boti, pamalo pabwino. Napeza nchito ku England, Batata. Niyenda mwezi wa mawa."

Akuti anzake a m'wodi atha onse kupita. Akuti malipiro safika pakati pa mwezi, ndipo watopa kuuza odwala kuti akagule okha mankhwala. Akuti azitumiza ndalama, ndikhome denga latsopano. Mapepala anabwera kale, amadikira kuti ndiyambe ndalimba.

Ndati, "Zabwino, mwana wanga." Thumba la makala landidetsa malaya, iye wayamba kundipukuta ndi mpango.

Sabata lonse mwana amafuna bambo ake, bambo ake ali kumsika.

Loweruka

Ndiphikabe. Tsopano ndiye ndiyenera.

A Chirwa kulibe, abwana awo awatuma kutsidya. Mbaula asiya, poto asiya, Mulungu awadalitse. Kuseri kwa nyumba za antchito ndapeza mbuzi ziwiri zokhuta ndi timitengo ta maungu. Tsamba ngakhale limodzi.

Zotsala:
kapenta, mayi wosesa anataya dzulo
mtedza, wokwana m'dzanja limodzi
ufa ulipo
makala alipo
chigwada, ndathyola m'munda wa munthu wosamudziwa

Moto utangoyaka, mvula. Si mvula ya kwathu imene imayamba yachenjeza ndi mabingu. Iyi imangokhuthuka ngati wina wagubuduza diramu. Makala azima, ufa wasanduka phala m'pepala momwemo.

Wophika wa pahotela yathu wandiona ndili chiimire ndi masamba m'manja, madzi akutsika m'kabudula wamaluwa. Wandilanda masambawo mwaulemu. Madzulo abwera patebulo m'mbale yoyera, osinjidwa bwino, ofewa, othira kokonati.

Tisa wadya zonse, wapukuta mbale ndi chala. "Vamveka monga va amama."

Bodza. Akudziwa, inenso ndikudziwa. Amayi ake kokonati sanamugwirepo moyo wawo wonse. Ndati, "Wonjezera," ngakhale palibe chowonjezera.

Polongedza wapeza diresi lija m'sutikesi. Waliyang'ana nthawi yaitali. Walowa nalo kubafa, watuluka atavala. Lamukwana ndendende, kungoti likununkha kapenta. Taseka mpaka iye wayamba kulira. Ine ndatuluka pakhonde, ndati ndikukaona ngati mvula yakata.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite, boti ndi lam'mawa. Ndapemphera pamzere wa matikiti.

Zomwe ndikupita nazo kwathu: sopo wobiriwira yemwe ndikanagula pa kantemba ka amake Mwansa, pafupi ndi nyumba yathu, kabudula yemwe sindidzavalanso, mawu awiri a Chiswahili, onse okana.

Akamba sindinawaone. M'nyanja sindinaviikemo ngakhale phazi.

Mafunde ndi aakulu lero, anthu akusanza m'timatumba. Tisa akundiwerengera za kuchita akapita. Mankhwala a BP ndisamadumphe. Ndizidya kwa alongo anga ku Mtendere Lamulungu lililonse. Foni ndizikayankhira kwa abusa. Ndikungovomera.

Ndamuuza kuti tikafika ndimukhomera bokosi la mukwa lonyamulira katundu, la zogwirira zamkuwa, loti ngakhale azungu afunse kuti wapanga ndani.

"Batata, mu ndeke sibalola mabokosi ya mapulanga. Yalema maningi."

Ndati ndamva.

Wagona tsopano, mutu watsamira paphewa panga, ndikulemba ndi dzanja limodzi. Matabwa alipo pakhonde, ouma bwino. Ndikhomabe. Likhala m'chipinda chake.