Don Abelardo ndi Theka Lawo la Sitima

Kuno ku Nauta, munthu wopanda chipsera cha Don Abelardo Tapullima ndiye kuti ndi mlendo. Malemuwa ankamenya anthu ngati akupereka moni, ndipo mlandu unali umodzi nthawi zonse: kudetsa mbali ya kumanzere ya sitima ya Melliza. Ine khofi langa ndinalandira ndili wamng'ono, nditakwera ndi mapazi amatope kukaona amayi, omwe amachapa zofunda m'sitimamo. Khutu ili limalirabe kukachita mitambo. Chisiyire sukulu ndakhala ndikufotokoza nkhaniyi padoko, koma anthu amandidula pakamwa ndisanafike pabwino, ndiye ndati ndingoilemba.

Melliza poyamba sinali sitima ya anthu olemera. Zinali zombo ziwiri zathyathyathya. China chinkanyamula ng'ombe, woyendetsa wake Don Abelardo. China chinkanyamula migolo ya mafuta, woyendetsa wake mlamu wawo, Don Nicanor. Mayi wina wachuma wa ku Lima, Doña Herlinda, anagula zonse, n'kuziika moyandikana, n'kuzilumikiza ndi zitsulo. Pampata wapakati anamangapo chipinda chodyera, pansi pake pagalasi, kuti azungu azidya akuona mtsinje ukudutsa kunsi kwa mapazi awo. Mmene munkaima ng'ombe munakhala zipinda zogona zokhala ndi bafa pawindo. Mphete zomangirira ng'ombe anazikwecha mpaka waliwali, azungu n'kumakolekapo matawulo.

Pomwe mayiwo analakwitsa m'poti analemba ntchito alamu onse awiri, aliyense kuti azisamala mbali ya chombo chake chakale, Don Abelardo kumanzere, Don Nicanor kumanja. Anthuwa anadana kalekale, chombo cha mafuta chitagunda cha ng'ombe, nkhunzi ya Don Abelardo n'kugwera m'madzi. Tsopano malire awo anali pakati penipeni pa galasi lija.

Ulendo woyamba womwe, madzi okolopera a Don Nicanor anawoloka malire. Don Abelardo sanafunse. Anawatswanya ndi ndowa kumaso, alamu awo n'kubweza ndi mpando, anthu akuluakulu n'kumagubuduzana pansi pa matebulo. Amayi amati mano awiri anatsetsereka pagalasi mpaka pamapazi a gogo wina wachizungu, ndipo alendo anaomba m'manja poyesa ndi gule wathu. Tsiku lina mlendo anadandaula kuti kuchipinda kwake kukumveka kafungo ka ng'ombe. Don Abelardo anayesa akuwatamanda, anamukumbatira mpaka nthiti kuthyoka. Koma atamponya mumtsinje bwana wina chifukwa chotaya phulusa la fodya pansi, Doña Herlinda anabwera okha.

"Don Abelardo, dzanja lanu likadzangokhudzanso munthu, mudzatsika ndipo simudzakweranso."

"Ngakhale mlamu wanga, mayi?"

"Makamaka mlamu wanuyo."

Mawu amenewa anali olemera, chifukwa bambowa analibe nyumba pamtunda. Chiyambire unyamata ankagona pachitsulo chomwecho. Ndiye anayamba kuyenda manja ali m'matumba, mitsempha ya m'khosi itatupa. Don Nicanor ankaima pamalire n'kumawafunsa mokoma ngati manja awo adwala, kapena ngati ng'ombe ijayi inaphunzira kusambira. Don Abelardo ankangoluma chipewa. Zipewa zinatha zingapo.

Kenako inafika nyengo ya kanivalo, pomwe tonse timathirana madzi, ufa ndi matope, anyamata n'kumathamangitsa zombo pamabwato kuti akadetse aliyense. Masanasana kunabwera bwato la amuna anayi, nkhope zawo matope okhaokha. Ogwira ntchito anathamangira zidebe akuseka, azungu anatulutsa makamera, Don Nicanor anathira ufa woyamba kukwera. Koma anthuwo anakwerera kumanzere, pomwe panali patangokolopedwa kumene.

Don Abelardo anayang'ana mapazi a matopewo. Anayang'ana alendo, anatulutsa manja m'matumba, n'kutola nkhafi. Woyamba anamuswa chibwano. Wachiwiri anamugwira tsitsi n'kumumenyetsa pamphete ya ng'ombe mpaka magazi kudontha pathawulo. Anthu anasiya kuseka, amayi n'kuyamba kulira kuti ntchito ya munthu yatha. Apo wachitatu anasolola mfuti. Ena ankayesabe ndi yamtengo, mpaka inalira. Chipolopolo chinaphwanya bondo la Don Abelardo, koma pogwa anagwera pamunthuyo n'kumuluma khutu, ndipo sanalisiye mpaka linatsala m'kamwa mwawo. Wachinayi anadumphira m'madzi. Anali achifwamba, obwera kudzalanda alendo.

Kuchipatala Doña Herlinda anafika ndi nkhuku yootcha, n'kufunsa kuti anazindikira bwanji kuti ndi akuba pomwe ena onse ankaseka.

"Sindinazindikire, mayi. Ndimayesa ndi ana a Nicanor."

Mayiwo anati khutu lawo silinamve bwino, ndipo ntchito ikuwadikira. Koma mwendo anaudula pamwamba pa bondo, ndipo thabwa lokwerera Melliza ndi lopapatiza. Don Abelardo anayesa kukwera ndi ndodo, anagwera m'madzi, n'kumenya amene anawavuula. Anayesanso, anagwanso. Pambuyo pake ankangokhala pabokosi padoko. Sitima ikafika ankayang'anitsitsa mbali yawo, kukalipira dzimbiri, n'kugenda Don Nicanor ndi nthanga za mango. Don Nicanor, omwe ankatha kubisala, ankaima poonekera mpaka imodzi iwapeze. Mvula ya chaka chotsatira isanathe, Don Abelardo anamwalira kunyumba kwa mchemwali wawo, pabedi lomwe ankati silimagwedezeka ngati la munthu wamoyo.

Padoko pano tsopano pali bata lotopetsa. Anthu amakwera ndi matope osayang'ana kumbuyo, ndipo ana akukula ndi makutu athunthu. Doña Herlinda anapatsa Don Nicanor sitima yonse kuti aziyang'anira. Amayi akuti m'mawa uliwonse bambowo amakolopa mbali yawo mpaka pakati pa galasi, n'kuima pomwepo. Doña Herlinda atawafunsa chifukwa chake sakuwoloka, anafinya chokolopera chawo osadzutsa mutu.

"Uko kuli eni ake, mayi. Mukufuna andiphe?"