Zimphona za nkhonya mu pulasitiki

Inu amene mumati Nachisale ndi wamatama ndipo savomera kulakwa, khalani pansi, lero ndikuuzani chamanyazi changa. Wokayikira amve mpaka kumapeto, kenako abwere kuno kwa azungu, ku Ballymun, adzamwe tiyi, umboni adzaupeza patebulo.

Inali nthawi ya recession ija, chuma chitagwa, ma crane ataima mumzinda monse, ife a ntchito ya care akutidulira ma hours sabata ndi sabata. Ndinkasamalira mkulu wina wa ku Crumlin, a Seamus. Miyendo inali itatha, koma pakamwa ayi. Kuyambira ali mnyamata ankatolera ma autograph a akatswiri a nkhonya a heavyweight, zimphona zakale zija za zithunzi zopanda kala. Ankalemba makalata ku America, ankadikira pakhomo pa hotela mvula ikugwa, kungoti munthu asaine pachithunzi.

Ine mutu wanga ndi wogwira, Form Four ndinakhoza kamodzi. Miyezi itatu yokha ndinali nditadziwa kusiyanitsa siginecha yeniyeni ndi yodinda. Pa kaunjika ku Limbe panalibe wondiposa kusankha, ndiye car boot sale, kaunjika wa azungu wogulitsira m'mabuti a galimoto, inali masewera. Ndinatolako zithunzi zosainidwa ziwiri pamtengo wa sangweji. Tsiku limene ana awo anawatengera ku nursing home, kosungira okalamba, a Seamus anandipatsa zina four mu envulopu, nati ndizisunge bwino, zidzandithandiza tsiku lina.

Tsikulo linafika. Mwana wanga Tadala ku Zomba anatumiza uthenga wa ukwati wake, ine ya tikiti ndilibe. Kutchalitchi ndinauza amayi onse kuti ine sindiyendetsa mbale ngati ena, ndili ndi investment.

Koma kwathu pepala lofunika timalisunga bwanji? Satifiketi yanga ya Form Four ndinaichita laminate. Ya ukwati ndinaichita laminate, ukwatiwo unatha koma pepala likunyezimirabe. Flat yanga ndi yachinyezi, chuku kukhoma konse. Ndinanyamula zithunzi zonse six kupita kwa a Tembo, m'Zambia wa internet café ku Rathmines, kuti azichite laminate. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinawayankha kuti iwo adziwe za makina, za nkhonya andisiyire ine. Ndinasankha pulasitiki yokhuthala, ndipo ngodya zimene zinadyeka ndinati azidule ziwongoke.

Loweruka ndinavala suti, ndinatenga mnzanga Anaphiri kuti akaone ndi maso, ulendo ku town kwa bambo wogula zinthu zoterezi. Munthu wowonda, wotopa ngati ife tomwe. Asanatsegule envulopu anavala magolovesi oyera. Ndinamugunda Anaphiri ndi chigongono.

Anatulutsa choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza. Kenako anavula magolovesi aja pang'onopang'ono.

"Wachita izi ndani?"

"Ine," ndinatero ndikumwetulira. "Musadandaule, ya laminate sindikuwonjezerani."

Anandifotokozera mofatsa, ngati akupepesa maliro. Masiginecha onse anali enieni, ngakhale a ku car boot aja, diso langa analiyamikira. Zikanakhala momwe zinalili, tikiti yopita ndi kubwera ikanatuluka, ndi chenji cha chitenje. Koma kutentha kwa makina kunamatiriza inki ku pulasitiki, ukasenda umachotsa ndi dzina lomwe. Palibe wotolera amene angagule.

Ine kugonja ayi. Ndinati bambowa akufuna kunditsitsa mtengo, za pa kaunjika ndimazidziwa. Ndinatulutsa botolo la madzi m'chikwama, ndinathira pankhope pa chimphona chimodzi, pakauntala pake pomwepo.

"Onani bwana, ngakhale dontho silikulowa!"

Anapukuta kauntala ndi tishu, nandibwezera envulopu.

"Zoona mayi. Muziikapo kapu ya tiyi."

Pofika Lamulungu Anaphiri anali atauza tchalitchi chonse. Ukwati wa Tadala ndinauonera pa kompyuta ya a Tembo omwewo, chithunzi chikudukaduka, ine nditavala duku latsopano pakati pa ana a sukulu osindikiza ma CV. A Seamus nditakawaona anafunsa ngati zimphona zawo zili bwino. Ndinati palibe chimene chingaziwonongenso, ndipo sindinaname.

Ndiye chimene ndinapindula ndi ichi: ma table mat six, ndi dzina loti Mayi Laminate. Masiku ano wogulitsa akakufunsa kawiri ngati watsimikiza, ine ndimati yamba wakhala pansi.