Kafunso Kamodzi ka a Paison

Aliyense wa ntchito ya ziweto ku Balaka ndi ku Machinga amene anadyapo mpunga wozizira pamsonkhano akudziwa amene ankauziziritsa: a Paison Maluwaya, avetenale a kwa Nsamala. Anali amfupi, adazi lonyezimira, ndipo matenda awo anali mafunso. Mphunzitsi akangoti, "Ngati palibe funso tiyeni tikadye," dzanja lawo limakhala lili kale m'mwamba.

"Kafunso kamodzi kokha, achimwene."

Kamodziko kankabwera ndi ana ake, adzukulu, apongozi omwe.

Pamaphunziro a katemera wa chitopa ku Liwonde, anzawo anapangana. A Enock a kwa Kawinga anakhala kumanja kwawo, Scholastica, mtsikana wongoyamba kumene ntchito, anakhala kumanzere. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, aliyense anagwira dzanja limodzi n'kulipanikiza pansi pa tebulo. A Paison anayesa uku, anayesa uku. Kenaka anthu anangoona nsapato ikukwera pang'onopang'ono.

"Bambo, mwendowo ukufunsa?" anadabwa mphunzitsi.

"Eya. Manja ali m'ndende."

Koma nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi ya mbuzi. Chaka china mbuzi za Abiti Sidik, mayi wamasiye wa m'dera lawo, zinayamba kutupa kukhosi n'kumafa. A Paison anazimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba kawiri konse, koma ayi ndithu. Pa mbuzi khumi ndi ziwiri panatsala zisanu. Sabata yomweyo kunali msonkhano waukulu ku Liwonde, kukubwera dokotala wa ziweto wochokera ku Lilongwe. A Paison anamangirira thadzi limodzi la mbuzizo m'dengu panjinga, n'kupalasa.

Dokotalayo ali mkati moonetsa zithunzi pakhoma, kumbuyo kunamveka "meee!"

"Ndani walowetsa chiweto muno?"

"Si chiweto, adokotala. Ndi funso. Lero ndati libwere lokha."

Holo yonse inafa ndi phwete, mbuziyo ili kalikiliki kudya nsalu ya patebulo. Koma dokotalayo anavula jekete, anagwada, n'kutembenuza chikope cha mbuziyo. Chinali choyera mbee. Anafunsa dzina la mankhwala aja, n'kupukusa mutu: njokazo zinawazolowera kale, pakufunika ena. Anaitana onse kuti adzaone okha, ndipo zithunzi zija zinaiwalika. Mbuzi zisanu za Abiti Sidik zinapulumuka, ndipo mayiyo anayenda wapansi mpaka ku ofesi kudzangothokoza m'Chiyao kuti, "Sikomo kwejinji, Che Paison."

A Paison atapuma pantchito, anzawo anati basi, tsopano tidya zotentha. Ha! Msonkhano wotsatira anawapeza ali pakhomo, malaya osita bwino, cholembera kukhutu.

"Pepani madala, dzina lanu mulibe m'ndandanda," anatero mlonda.

"Nanga nkhupakupa nazo zapuma pantchito?"

Mlonda anakanitsitsa. A Paison sanakangane naye. Anabwereka mpando kukhitchini, anakakhala panja pafupi ndi zenera, ndipo nthawi itakwana dazi lija linasuzumira m'katimo. Kuyambira pamenepo okonza misonkhano ankangowalemberatu.

Anamwalira m'dzinja, atadwala masiku anayi okha. Maliro atatha, akazi awo, mayi Dora, anaitana Scholastica n'kumupatsa katoni yodzaza makope.

"Anati awa ndi anu. Ine sindingawerenge nkhanu zawozi."

Scholastica anatsegula kope limodzi. Funso lililonse linali ndi dzina pambali pake, ndi mudzi womwe. La Che Swaibu, za ng'ombe yotaya bere. La mayi Lukiya, za nkhuku zofa zitalandira kale katemera. Pansi pake panali yankho ndi tsiku limene anakalipereka kwa mwini wake. Mafunso onse aja amene ankapsetsa anzawo mtima sanali a a Paison ayi. Iwo anali mtumiki chabe. Patsamba lomaliza panali atatu opanda yankho, ndipo Scholastica anawakopera m'kope lake asanachoke pasiwapo.

Masiku ano ku dibi kwa Nsamala ng'ombe zimasamba, abusa n'kubalalika msanga. Alimi achikulire okha ndiwo amatsalira pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana kumsewu ngati anthu amene ali ndi kalata koma womutuma palibe. Kenaka mmodzi amadzuka, n'kukung'untha fumbi pathalauza.

"Tiyeni, anzanga. Dzuwa lakwera."