Kontena, Soketi Imodzi ndi Apongozi

Lolemba

Kompyuta yakale ya kopaletivu yathu yafa. Mayina a alimi ndili nawo pa fulashi, koma pulogalamu yowatsegula ikukana kompyuta yatsopano. Loweluka kukubwela lole ya mbewu ya nshawa, ndipo popanda mndandanda palibe wolandila.

Ndauza komiti kuti isade nkhawa. Pulogalamuyo ndiyiika mu kontena, kachipinda ka mkati mwa kompyuta momwe pulogalamu yokalamba imaganiza kuti ikadali kwawo. Chopangila makontena chilipo chomangidwa kale pa intaneti, koma zimenezo n'za anthu opanda dipuloma. Ine ndimanga ndekha kuchokela ku khodi, malangizo ake osaphika!

Adada Zimba, wapampando: "Ife izo sitimva. Tione mapepala chabe."

Lachitatu ndikhala nditatsiliza.

Lachiwili

Mu ofesi netiweki silowa. Ndikutsitsa khodi nditaima pachulu kuseli kwa shedi, foni m'mwamba ngati mboni yolumbila kukhoti. Ng'ombe zaleka kudya, zikundiyang'ana.

Khodi yafika. Ndailamula kuti imangidwe, yayankha kuti ikufuna:
- kompaila yatsopano, mmisili womanga khodi, yathuyi akuti ndi nkhalamba
- tizidutswa tina tisanu
- kadutswa kena kofunidwa ndi tizidutswa tija

Kubwelela kuchulu!

Lachitatu

Kumanga kwayamba. Zilembo zikuthamanga pasikilini, ine mwendo pamwamba pa unzake. Ntchito ikufuna maola anayi, malaiti amakhala maola asanu. Masamu akulola.

Ola lachitatu, "Odi!" Mawu a apongozi anga aakazi. Mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi, choncho ndatulukila khomo lakumbuyo, ndanjuta patali, ndapeleka moni ndikuyang'ana mtengo wa mango.

Pobwelela, sikilini bii! Ofesi ili ndi soketi imodzi, ndipo achotsapo kompyuta n'kutchajapo foni yawo. Mafaelo aduka pakati. Kufufuta, kuyambilanso mawa.

Lachinayi

Ndatuma mkazi wanga kuti akawafotokozele mofatsa. Yankho: "Mukawauze nokha, si ndinu a dipuloma?"

Njinga mpaka kuboma. Ndagula adaputa ya mabowo anayi, limodzi langa, limodzi lawo, awili a ulemu chabe. Nzelu zotele saphunzitsa ngakhale ku koleji. Ndayambitsanso kumanga.

"Odi!" Khomo lakumbuyo, mtengo wa mango.

Apongozi amva kuti mabowo achuluka, ndiye abwela ndi anzawo atatu a kwaya. Atatu kuphatikiza iwo, anayi. Ndawelenga kawili.

Pochoka alumikizanso kompyuta bwinobwino, naipukuta fumbi ndi chitenje. Akulankhula moyang'ana khoma kuti ndimve: "Tabwezela momwe tinapezela. Yewo chomene."

Lachisanu

Ndadzikhomela mkati. Makatani otseka, njinga yobisa mu shedi, ndikupuma pang'onopang'ono. Kumanga kwadutsa theka.

"Odi!" Chete. "Odi!" Fani ya kompyuta ikulila ngati chigayo. Kachitatu sakugogodanso, akungouza anzawo: "Mwina adwala, tiitane mkazi wawo."

Ndatsegula. Munthu angakhomele apongozi panja n'kudzadyanso m'mudzi muno?

Pansi pa mango ndaganiza zodzichepetsa: nditsitse chomangidwa kale chija, palibe adzadziwe. Pachulu. Chatsala pang'ono kufika, bandulo yatha. Ng'ombe imodzi yapukusa mutu, ndaiona ndithu.

Loweluka

Lole yafika. Malaiti abwela. Ndayambitsa kumanga kachinayi, ndipo lelo palibe "Odi", chifukwa apongozi ali pamzele wa mbewu.

Adada Zimba atambasula dzanja, akufuna mapepala. Ndayamba kufotokoza za kompaila. Andimvela mpaka kumapeto, mwaulemu, kenako andipatsa buku lachikuto cholimba ndi bolopeni.

Alimi aima mudzi ndi mudzi. Aliyense akutchula dzina, anzake akuvomeleza kuti ndi membala, ine ndikulemba pa boneti ya lole. Wina wochokela kufupi ndi Lukusuzi wayesa kulowa pamzele kawili atavula chipewa. Mzele wonse wamukuwiza, kompyuta sikanamugwila.

Apongozi afika kutsogolo. Ndaponya bolopeni, ndabisala kuseli kwa tayala, dzina lawo lalembedwa ndi dalaivala.

Lole itachoka ndathamangila mu ofesi. Yamangidwa! Ndaiika, kontena yadzuka, pulogalamu yakale yatseguka, mayina onse ndondondo pasikilini. Ndadina kuti apulintidwe.

Malaiti apita.

Sondo

Titatuluka m'tchalitchi komiti yakhala pamthunzi mphindi zochepa. Zomwe agwilizana:
- mayina azikhala m'buku, popeza ndimalemba mooneka bwino
- kompyuta ipumule kaye, ikusokoneza otchaja mafoni
- adaputa ikhale ya kopaletivu

Apongozi atumiza dengu la mbatata kudzela mwa mkazi wanga. Akuti m'dela lonse la Kapichila mulibe mkamwini waulemu ngati ine, ndipo mawa abwela molawila.

Kontena ikugwila ntchito bwino kwambili. Ndikudziwa ndekha. Mbatata nazo n'zokoma.